Mowa wa Alamu Anga Sumwedwa Wodikha

Alamu anga a Wilf Pengilly ndi munthu amene sanapikisanepo ndi wina aliyense moyo wawo wonse, ndipo zikanakhala bwino akanapitiriza choncho. Anayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Wirrabilla kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi litafika pankhongo, ndipo palibe amene anawaonapo akupitirira ngakhale thirakitala. Mng'ono wanga Glenys anakwatiwa nawo chifukwa cha kufatsa komweko. Ine ndinamuuza tsiku la ukwati lomwelo kuti asanyengedwe, anthu ofatsa chonchi amakhala ndi kanthu kamodzi kamene amapenga nako, angodikira. Kanthu ka a Wilf kanadzapezeka kuti ndi mowa.

Osati kumwa, ayi. Pakumwa alamu anga ndi khanda, mabotolo awiri basi ayamba kusinza. Misala yawo ndi yofulula. Kuseri kwa nyumba yawo kuli shedi ya malata, ndipo m'menemo muli chigubu cha pulasitiki chimene chakhala chikuwira kuyambira ana awo ali m'matewera. Kafululidwe kake ndi kamene anawaphunzitsa amalume awo, osasintha ngakhale pang'ono: chitini cha chimera, shuga, yisiti ndi madzi amvula a m'thanki. Ukapsa amauthira m'mabotolo aatali ofiirira aja, botolo lililonse kasupuni ka shuga, n'kutseka. Pakapita masabata angapo, pansi pa botolo pamakhala nsenga zochindikala ngati chala.

Nsenga zimenezo ndiye chipembedzo chawo. Kuno kwathu ngakhale mwana amadziwa kuti botolo la mowa wa nsenga sulitsegula chiimire. Umayamba waligoneka pathebulo n'kuligubuduza uku ndi uku kuti nsenga zidzuke, mowa uvunduke, kenako n'kuthira. Ngakhale kubala amakugubuduzira osakufunsa. Koma ena tonse timangochita mwachizolowezi, pamene a Wilf amachita atatsinzina, pakamwa pakuyenda ngati akupemphera. Mlendo wina anayesapo kuthira mowa wawo wodikha, kusiya nsenga pansi, ndipo a Wilf anamulanda botolo m'manja. Chonsecho mlendoyo anali munthu wamkulu ndithu, m'busa wa mpingo.

Lachisanu lililonse madzulo, shedi imeneyo inkadzaza. Mipando yake ndi ya basi yakale imene anapuma nayo limodzi pantchito. Osajomba anali awiri, a Clarrie Noack, mlimi wa nkhosa amene anasiyira ana famu koma sanawasiyire pakamwa, ndi a Merv Tonkin, amene anali wa positi ofesi ndipo amadziwa za aliyense. Ena ankangobwera ndi kupita. Ine ndi Glenys tinkasewera makhadi kukhitchini, tikumva phokoso lawo. Ankakangana za mpira, za mvula, za mtengo wa ubweya, nkhani zomwezomwezo chaka ndi chaka. A Wilf sankalankhula zambiri. Ntchito yawo inali kugubuduza, kuthira, n'kukhala pampando wa dalaivala akumwetulira.

Ndiye kunabwera Jasper Holroyd.

Ndisamunamizire mwana wa eni ake, Jasper alibe vuto ndi munthu. Anachokera ku Adelaide ndi mkazi wake, anagula nyumba yakale ya wophika buledi, ndipo ntchito yake ndi ya pakompyuta, sindikudziwa kuti amatani. Vuto linali lakuti nayenso amafulula. Koma iye ndi mapoto achitsulo onyezimira, timapaipi, firiji yokhala ndi mipopi ngati kubala. Balere amagula kwa alimi konkuno n'kumupera yekha. Mowa wake umatuluka woyera mbee, woti ukhoza kuwerengerapo nyuzipepala. Tsiku lina anakumana ndi a Merv kusitolo n'kuwaitana kuti akalawe, ndipo mwatsoka linali Lachisanu.

Sabata yoyamba a Merv anati bondo likuwawa. Yotsatira a Clarrie anati nkhosa zathyola mpanda. Nkhosa zake ziti, poti famu anasiya kalekale? Kenako zifukwa zinatha, anthu anangosiya kubwera. Magalimoto awo tinkawaona bwinobwino ataima kwa Jasper, tauni yathu ili ndi msewu umodzi. Choipitsitsa n'chakuti Jasper anayamba kuwaphunzitsa kufulula, madala aja n'kumayenda ndi timabuku m'thumba, kumatchula mayina a maluwa owawa aja amati hopu ngati mayina a zidzukulu zawo.

Lachisanu lina ndinapita kushedi kukatenga tsache. Ndinawapeza alamu atakhala pampando wa dalaivala, matambula atatsukidwa n'kundandalikidwa pathebulo, mabotolo akutuluka thukuta m'beseni la ayezi. Kumbuyo kwawo mipando yonse ili mbee. Ine ndimawanena alamu anga tsiku lililonse, koma tsiku limenelo mtima unandipweteka, sindibisa.

"Alamu, bwanji osangopita komweko mukakhale nawo?"

"Ndikatani?"

"Mukamwe, nanga kumatani?"

"Madzi aja?" Anapukusa mutu. "Angotengeka ndi zonyezimira, alamu. Akadzamva kwa munthu wodziwa kuti mowa weniweni ndi uti, adzabwera okha. Kodi kuchionetsero kuja mpikisano wa mowa ulipobe?"

Ndinatsala pang'ono kugwetsa tsache. Chionetsero chathu cha zaulimi chimachitika mu Okutobala, tirigu asanapse, ndipo ine ndakhala ndikuyang'anira gawo la makeke ndi jamu kuyambira kalekale. Chaka chilichonse ndinkawanyengerera kuti alowetse mowa wawo, yankho lake limodzi: mowa wanga si ng'ombe yoti anthu aziyang'ana mano. Lero ndi omwewa akufunsa.

"Mwadwala kodi?"

"Ndikapambana abwerera," anatero. "Clarrie ndi wamakani, koma kariboni ka buluu ka wopambana amakalemekeza."

Chimene sanadziwe n'chakuti mpikisanowo unali utasintha. Kale woweruza anali dokotala wa ziweto, amene ankamwa botolo lililonse mpaka pansi n'kupereka mphoto kwa amene akumukumbukira. Chaka chimenecho Jasper analowa mukomiti ndipo anapeza woweruza weniweni wochokera ku Melbourne, mayi wina dzina lake Fenella Marchetti, wokhala ndi mapepala ake a kalawidwe ka mowa. Inde, ziliko zoterozo. Popeza nayenso Jasper anali kupikisana, manambala a pamabotolo anapatsa mlembi wa komiti kuti amate yekha mobisa.

Tsiku lopereka mabotolo ndinawaperekeza alamu kuholo ya timu ya mpira, kumene kuli chipinda chozizira. A Wilf anavala jekete la kumaliro. Botolo analikulunga m'thawulo n'kulinyamula pachifuwa. Jasper anawalandira ndi manja awiri.

"Bambo Pengilly! Ndasangalala kwambiri kuti mwalowa nawo."

"Eya. Ndiye mukawauze oweruzawo kuti agubuduze modekha. Asakhutchumule ayi, kungogubuduza."

Jasper anakanda m'mutu. "Aa, bambo, nkhani yake ndi yakuti mabotolo onse aima chilili sabata yonse kuti adikhe. Pothira azithira pang'onopang'ono, nsenga zitsale pansi. Woweruza amayang'ananso kuyera kwa mowa."

"Kuyera?"

"Eya, bambo."

"Akufuna kumwa kapena kudziyang'anirapo nkhope?"

"Ndi lamulo la mipikisano, bambo. Si ine ayi."

"Mwana iwe, mowa wanga moyo wake uli pansi! Ukausiya pansi wathira mtembo!"

Jasper anapepesa mpaka kupepesanso, koma lamulo silinasunthe. Kenako mlembi anaona kadontho kofiira pachitsekerero cha botolo la a Wilf. Inali penti ya zikhadabo ya Glenys. Alamu anati mwina yangodonthera yokha. Mlembi sanakangane nawo, anangotenga cholembera chakuda n'kudetsa chitsekerero chonse, kenako zitsekerero za mabotolo ena onse, kuti pasakhale kukondera. Mabotolo ake ndi amodzimodzi, aatali ofiirira omwe tonse timasunga m'mashedi. Atalowa m'chipinda chozizira, la a Wilf linasowa pakati pa anzake.

Sabata imeneyo Glenys anavutika. Akuti bamboyo chakudya ankangochitosatosa, ndipo pathebulo ankagubuduza chilichonse chimene dzanja lagwira, botolo la sosi, kabotolo ka mchere, mpaka tochi.

Tsiku la chionetsero linacha ndi dzuwa loswa mtengo komanso ntchentche zake. Makeke a kirimu ndinali nditawasungitsa m'chipinda chozizira chomwecho, ndipo ankafunika kufika kuholo yanga oweruza asanakhale pansi. Miyendo yanga ndi yotupa, anyamata onse anali kumakola a nkhosa. Ndinaona alamu akuzungulirazungulira pabwalo atavala jekete lawo lija, ndipo ndinawapatsa kiyi.

"Makeke okha, alamu. Ali pashelefu ya kumanja. Musapendeketse."

Anapita. Ndinayala nsalu pamathebulo, ndinandandalika jamu, ndinakangana ndi mayi wina amene ankafuna kulowetsa keke yogula kusitolo. Makeke osabwera. Ndinatukwana chamumtima n'kuyamba kutsimphina kupita kuholo ya mpira.

Ndisanatsegule n'komwe chitseko ndinamva kaphokoso, gudugudu, gudugudu. Nditatsegula, Ambuye wanga! Alamu anga ali chogwada pasimenti, jekete atalipachika pachitseko, mabotolo ali ngundangunda pansi. Dzanja lamanja likugubuduza awiri, lamanzere awiri, lina akulikankha ndi bondo. Limodzi linagubuduka mpaka kudzagunda nsapato yanga.

"Alamu! Mukutani?"

"Tsekani chitseko, kuzizira kukutuluka."

"Ndati mukutani!"

"Ndimafuna langa lokha," anatero, osasiya kugubuduza. "Ndinaliunika kuwindo, ndinati ndi ili, nsenga zake ndi zanga. Nditaligubuduza ndinaona lina, nalonso ngati langa. Ndiye ndinati bwanji ngati langa ndi ilo? Kenako lachitatu. Alamu, onse akufanana!"

"Ndiye mwati mugubuduze onse?"

"Nanga ndisiye langa lokha losagubuduza? Komanso n'chilungamo. Aliyense walandira zofanana."

"Chilungamo cha kuti? Mwapenga inu! Muli ndi zidzukulu inu!"

"Ndawachitira zabwino, adzandithokoza. Tandipatsirani ilo lili kuphazi kwanulo."

Ndinawauza mawu amene sindingawabwereze pano. Anaimika mabotolo m'makireti msangamsanga, ena akugundana, ndipo atangovala jekete Jasper analowa ndi wilibala kudzawatenga. Ndinati, "Jasper, taima kaye, pali nkhani." Pomwepo chimkuzamawu chinaitana oweruza onse kuti akhale m'malo. "Tikambirana kenako, mayi Noelene!" Anakweza makireti n'kuthamanga nawo, wilibala ikudumphadumpha pamiyala. Ndinangoti basi, zatha. Ndinanyamula makeke anga ndekha, alamu atazimiririka.

Kuweruza mowa kunachitikira m'shedi yometera nkhosa, pagulu, aliyense akuonerera. Makeke nditawasiya m'manja mwa oweruza ake ndinathamangira komweko, miyendo yotupa ndinaiwala. Anthu anali atadzaza. Kutsogolo kunakhala a Clarrie ndi a Merv, onse atapesa, chifukwa nawonso anali atalowetsa mowa wawo woyamba. A Wilf anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pamaondo. Mayi Marchetti anali munthu wochepa thupi, wa malaya oyera bwino, ali ndi timatambula tating'ono ndi katochi kounikira mowa.

Mlembi anatsegula botolo loyamba n'kuthira mosamala kwambiri kuti nsenga zisadzuke. Mayi anakweza tambula n'kuunika. Munali ngati madzi a padamu nkhosa zitangomwapo. Anakweza nsidze, ananunkhiza, analawa, analemba. Botolo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linaposa anzake.

"Pepani," anatero mayiwo, "kodi mabotolowa anaima sabata yonse?"

"Sabata yathunthu, mayi," anayankha Jasper, nkhope itayamba kufiira.

"Kapena ndi madzi a kuno?"

Wina kumbuyo anakuwa kuti madzi a kuno alibe mlandu, anthu n'kuseka. Ine ndinayang'ana alamu. Anali akugwedeza mutu mokhutira, ngati mphunzitsi amene ana ake onse akhoza.

Ndiye linafika botolo lina. Mlembi atangokhudza chitsekerero, phuu! Chitsekerero chinakamenya denga la malata, thovu linatumphuka ngati paipi yaphulika. Mlembi ndi mantha analozetsa botolo kumbali, ndipo kumbaliko n'kumene kunali mayi Marchetti. Malaya oyera aja ananyowa chonyoweratu, magalasi thovu lokhalokha, mapepala akuyandama pathebulo. Galu wa munthu wina anathamangira pansi pa thebulo kukanyambita.

"Wanga umenewo!" anakuwa a Merv ataimirira. "Ndinathira shuga kawiri kuti ukhale ndi mphamvu! Koma kunyumba sumachita chonchi!"

"Khala pansi, Merv, ukudziulula," anatero a Clarrie.

Mayi uja ndimupatse ulemu wake, sanathawe. Anapukuta magalasi, wina anamubwereka juzi ya timu ya mpira, n'kupitiriza. Mabotolo otsatira mlembi ankawatsegula atatambasula mkono, nkhope atayang'ana kumbali. Ena anafufuma, ena ayi, koma onse anali ovunduka. Kenako kunabwera limodzi limene atathira, anthu onse anatong'ola maso. Mowa woyera mbee, wagolide, tinthovu tikukwera mwaulemu. Aliyense anadziwa mwini wake. Jasper mowa wake amausefa n'kuuthira m'botolo kuchokera kumpopi, mulibe nsenga ngakhale kadontho. Ukhoza kuligubuduza kuchokera kuno mpaka ku Adelaide, palibe chodzuka. Alamu anga ndi manja awo anadetsa mowa wa anthu onse n'kusiya wa mdani wawo ukuwala wokha. Ndinawaona kumwetulira kukuchoka pang'onopang'ono.

Botolo lawo linali chakumapeto. Lili chitsekere analephera kulizindikira, koma mowa utangogwera m'tambula anawongoka pabenchi, ngati kholo lamva kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Mayi anaunika, kuwala kwa tochi sikunadutse. Ananunkhiza nthawi yaitali. Analawa, n'kufunafuna madzi.

"Uwu," anatero, "ukumveka ngati mtanda wa buledi wosapsa, ndi kafungo ka maapozi aawisi. Yisiti wachuluka kwambiri. N'zachisoni kuti wavunduka chonchi. Ukanathiridwa wodikha mwina ukanamwekako."

Ndinapemphera kuti akhale chete. Glenys anawagwira jekete. Koma kuti?

"Pepani mayi," alamu anaimirira, chipewa m'manja, mwaulemu wonse. "Mowa umenewo sumwedwa wodikha. Mmene uliri m'menemo ndiye wakhala bwino. Ndaugubuduza ndekha m'mawa uno."

Ngakhale nkhosa za m'khola loyandikana zinasiya kulira.

"Mwagubuduza botolo ili?" anafunsa mayiwo.

"Limenelo."

"Munalidziwa bwanji kuti ndi lanu?"

Alamu anayang'ana chipewa chawo. "Ndi pamene panavuta pamenepo, mayi. Ndiye ndinangothandiza onse."

Phokoso limene linabuka, anthu a kumpikisano wa mahatchi anabwera akuthamanga poganiza kuti ng'ombe yapulumuka. Wina ankaseka mpaka kugwa pabenchi, wina ankafuna ndewu. A Merv ankangoti, "Ndinanena ine! Kunyumba sumachita chonchi!" Mayi Marchetti anavula magalasi n'kufunsa Jasper ngati bamboyu ali bwinobwino m'mutu. Jasper anayesa kufotokoza kuti kuno timagubuduza, ndi mwambo. Mayiwo anati mwambowo anaumvapo, koma sanamvepo munthu akuchitira tauni yonse osapemphedwa.

Kariboni ka buluu kanapita kwa Jasper, amene anakalandira ngati akulandira uthenga wa maliro. A Wilf anachotsedwa mumpikisano pomwepo. Koma zonsezo sizinawapweteke ngati zimene zinachitika pakhomo potuluka. A Clarrie anaima patsogolo pawo. Sanakuwe, ndipo a Clarrie akapanda kukuwa ndiye kuti zavuta.

"Mowa wanga woyamba, Wilf. Ndinadzuka nawo m'mamawa masabata onsewa ngati ndikulera mwanawankhosa wamasiye. Ndinkafuna ndimve kuti mayiyu anena chiyani. Tsopano sindidzadziwa."

Anavala chipewa n'kumapita.

Sabata yotsatira sanatuluke pakhomo. Buledi ankakagula ndi Glenys. Tauni yonse inali pa iwo, ana asukulu ankagubuduza mabotolo a madzi mumsewu akamadutsa panyumbapo. Ine ndinali ndisanawakhululukire, chifukwa keke imodzi inasungunuka tsiku lija ndipo mwini wake mpaka lero sandipatsa moni. Komabe Lachisanu ndinapita kukasewera makhadi monga mwa nthawi zonse. Ndinawapeza atakhala kukhitchini, malo amene si awo, akusenda mbatata zimene palibe anawatuma. Shedi inali yotseka. Matambula sanatsuke n'komwe.

Dzuwa litapendeka tinamva galimoto ikuima panja. Kenako ina. Zitseko zikumenyetsedwa, mawu a amuna.

"Gubudu! Uli kuti Gubudu? Tuluka, chigawenga iwe!"

Anali a Clarrie, ndipo Gubudu linali dzina latsopano la alamu. Alamu anayang'ana Glenys, mpeni uli m'manja.

"Abwera kudzandimenya."

"Akumenye ndi chiyani, ndodo zoyendera? Pita ukatsegule shedi."

Ine ndinasiya makhadi n'kukaima pawindo, sindikanalola kuti zindipite. Analipo a Clarrie, a Merv, ena atatu a masiku akale, ndipo kumbuyo kwawo Jasper atanyamula bokosi la ayezi. Analowa m'shedi osadikira kuuzidwa, aliyense pampando wake wakale.

"Usaganize kuti takukhululukira," anatero a Clarrie. "Kungoti nkhani imeneyi takhala tikuikamba sabata yonse, ndipo sikoma mwini wake palibe. Merv, tamuonetsa mmene anachitira mayi uja."

A Merv anavula magalasi, anaphethiraphethira, n'kulankhula ndi mawu aang'ono: "Kapena ndi madzi a kuno?" Shedi inagwedezeka ndi kuseka. Wina anagwada pansi kuyerekeza alamu akugubuduza ndi bondo, ngakhale sanaonepo. Nkhani ija ndinali nditangouza munthu mmodzi yekha, a Merv. Anawanena alamu anga, kuwanyoza kuyambira dazi mpaka jekete la kumaliro, ndipo ndinaona mapewa awo akumasuka. Anayamba kumwetulira. Anapita pakona n'kutulutsa mabotolo awo, n'kugoneka limodzi pathebulo.

Kuseka kunazima. Amuna aja anayang'anana. Anatsokomola ndi a Clarrie.

"Wilf, za mabotolo zija tiiwala. Koma usatilange kawiri. Jasper, tsegula bokosilo."

Dzanja la alamu linaima pabotolo. Ndinaganiza kuti awathamangitsa onse, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Jasper, manyazi atamugwira, anathira mowa wake m'tambula n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Mungolawa chabe, bambo. Mukapanda kuukonda mutaye."

Anaulandira. Anauyang'ana nthawi yaitali ngati mankhwala. Anamwa pang'ono, anamwanso. Anaika tambula pansi n'kunena kuti matambula achepa, akatenge ena kunyumba.

Ndinathamangira pampando wanga n'kutola makhadi. Alamu analowa m'khitchini, anatsegula kabati, n'kungoima chiimire atatifulatira.

"Alamu," anatero, "mowa wa mnyamata uja ndi wabwino."

"Eya."

"Kuposa wanga."

Ndinayang'ana Glenys.

"Kuposa kutali," anapitiriza okha. "Ndiye kuti wanga uja wakhala uli choncho nthawi yonseyi? Zaka zonsezi? Nanga ankabwereranji?"

Glenys anaika makhadi pansi. Mng'ono wanga salankhula kawirikawiri za mumtima, ndi wouma ngati ine.

"Ankabwerera iwe, chitsiru iwe. Mowa wako ankangoupirira. Atalawa wabwino mimba zinawakoka, ndi anthu. Koma kumeneko anakapeza mowa wokha, ndiye lero aunyamula kubwera nawo kuno. Ukufunanso chiyani?"

Alamu anatenga kansalu kopukutira mbale n'kupukuta tambula imene inali youma kale. Kenako anapukuta m'maso. Anali akulira ndithu, bambo wamkulu, ndipo sindikudziwa ngati ankalirira mowa wawo kapena anzawo, mwina zonse. Nanenso ndinapezeka ndikupukuta m'maso, ndipo zinandikwiyitsa.

"Tapitani, alamu," ndinatero. "Mukudontheza misozi m'matambula a anthu."

Kushedi anali atayamba kumenya malata. "Gubudu! Matambula! Kapena ukuwagubuduzanso?"

Anasonkhanitsa matambula pachifuwa, anakankha chitseko ndi phazi, n'kutuluka kansalu kaja kali paphewa.